Makina Omwewo, Mimero Yosiyana

Pa msewu wawo wonse panalibe amene sankamudziwa Mayi Telala. Ukamubweretsera diresi lobwereka kwa mnzako, ankalitembenuza, n'kuyang'ana misoko, n'kukusokera lofanana ndendende mpaka mwini wake kusokonezeka. Kwa zaka makumi awiri ankakhulupirira chinthu chimodzi: ukatsata muyezo, chinthu chimatheka basi. Olephera ankawatcha aulesi, ndipo sankawanenera kumbali.

Ndiye mwamuna wake, dalaivala wa lole, anayamba kutsamwa. Poyamba inali nyama, kenako buledi, mapeto ake ngakhale tiyi. Kuchipatala anati ndi khansa ya kummero, ndipo azikawotchedwa ndi makina m'mawa uliwonse kwa milungu isanu ndi umodzi.

Pa benchi yodikirira dalaivalayo anadziwana ndi Aphunzitsi, mkulu wopuma pantchito, wodwala nthenda yomweyo. Awiriwa anayamba tsiku limodzi. Pofika mlungu wachisanu, Aphunzitsi anali akudya nthochi pabenchipo, kutafuna mokweza ngati akuchitira dala. Dalaivala ankalephera ndi malovu omwe.

Mayi Telala analibe nthawi ya nsanje. Anatenga kope lake la miyezo n'kukhala pansi ndi mkazi wa Aphunzitsi: amadzuka nthawi yanji, amamwa madzi ofunda bwanji, amagonera mbali iti. Anagula pilo wofanana. Anasoka malaya omasuka pakhosi ngati awo. Atazindikira kuti Aphunzitsi amalowa m'makina eyiti koloko pomwe mwamuna wake amalowa leveni, anakakakamira pawindo la kalaliki masiku atatu.

"Mayi, makinawo ndi amodzi," anatero kalaliki.

"Amodzi? Simbi yongoyatsa kumene ndi yomwe yasita tsiku lonse zimatentha mofanana? Musandiphunzitse ine, achimwene."

Anamupatsa eyiti kolokoyo pongofuna mtendere. Palibe chinasintha. Buluku la mwamuna wake Mayi Telala analibweza m'chiuno kachitatu, akutukwana ulusi wosalakwa.

Milungu ija itatha, achipatala anajambula mmero wa dalaivala uja n'kupeza chotupa chili pomwepo. Mayi Telala anatambasula kope lake patebulo la adokotala.

"Ndiuzeni pomwe ndalakwitsa, adokotala. Ndimasule, ndiyambirenso."

"Simunalakwitse paliponse, mayi. Makinawa amathyola maselo a khansa, koma zomwe maselowo achite akathyoka zimatengeranso chibadwa cha munthu ndi cha chotupacho. Mwa ena amafa. Mwa bambowa zikuoneka kuti akudzilumikiza msanga, n'kumakulabe."

"Ndiye munkadziwa, n'kumangotiyendetsa?"

"Ayi. Sitinafike podziwiratu bwinobwino kuti athandizike ndani."

Kenako adokotala ananena zoika kachubu pamimba, kuti chakudya chizilowera pamenepo. Mayi Telala anatseka kope n'kutuluka osatsanzika. Anapsa mtima koopsa, ndipo chomupweteka kwambiri chinali chakuti panalibe womukalipira. Chibadwa chilibe windo loti ukaimepo. Apongozi ake akanakhala moyo, bwenzi atakwera basi tsiku lomwelo kukawafunsa kuti mwana wawoyu anamupatsa chiyani.

Kunyumba anakhazika mwamuna wake pampando wa pafupi ndi makina osokera, n'kubwera ndi kapu ya madzi ofunda.

"Za chubu ine sindikuzimva. Mumeza, bambo. Supuni imodzi yokha."

Dalaivala anayasama, analandira, anagwedeza mutu.

"Mwaona? Si mwameza apa! Inanso."

Analandira yachiwiri. Mayi Telala akutunga yachitatu, anakweza maso. Masaya a mwamunayo anali atatupa pang'ono, maso atalengeza misozi, khosi lili phee. Madzi onse aja anali mkamwa. Bambo amene ankaphwanya mafupa a nkhuku ndi mano ankangodikira kuti mkazi wake ayang'ane kumbali, kuopa kumukhumudwitsa.

Anaika supuni pansi. Anakankhira beseni pafupi ndi mapazi ake, n'kutembenukira kukhoma.

"Lavulani, bambo," anatero. "Sindikuona."