Amalume ndi Chidindo cha Khoti

Amalume anga akhala akukoka galimoto zolandidwa pa ngongole kwa zaka khumi ndi zisanu. Kugalaja amawatcha Atcheni, chifukwa tcheni cha lole yawo chimamveka iwo asanaonekere. Ndinkatsutsana nawo kawirikawiri, ndikunena kuti ntchito yawo ndi yoliza amphawi. Iwo ankayankha kuti tcheni sichiweruza mlandu, n'chifukwa chake sakola galimoto asanaone chikalata cha khoti, n'kuchiwerenga ndi chala mzere ndi mzere.

Lachiwiri lina m'mawa ndinawaperekeza. Kampani ina yobwereketsa ndalama inawaitana kuti akakoke pikapu ya mayi wina wogulitsa mazira. Pageti la nyumba ya mayiyo tinapeza kalaliki wa kampaniyo ali ndi wapolisi. Mayiyo anali ataima pambali pa pikapu yopakira kale matileyi a mazira. Anatiuza kuti mlandu wa ngongoleyo ukadali kukhoti, ndipo galimoto ikapita, mazira aolera m'nyumba, makasitomala n'kuthawira kwina.

Amalume anapempha chikalata. Anavala magalasi awo omanga ndi waya, nawerenga mosafulumira. Inali kalata ya kampani chabe. Chidindo cha khoti panalibe. Kalaliki anaumirira kuti chilolezo chituluka mawa lomwe. Wapolisi naye anati poti iye alipo, palibe choopa, akoke basi.

"Bwana, inu mwabwera kudzaletsa ndewu," anatero amalume mwaulemu. "Yunifolomu ndaiona, koma chidindo sindikuchiona."

Wapolisi anatenga kalata ija, naitembenuza uku ndi uku, n'kuibwezera kwa kalaliki. Kalaliki anaopseza kuti kampani yake sidzawaitananso amalume. Amalume anapinda tcheni chawo, nabweza lole m'mbuyo kuti pikapu ipeze potulukira. Mayiyo anadutsa pang'onopang'ono, kuopa kuswa mazira pa kadzenje ka pageti.

Kampaniyo inachitadi zimene kalaliki ananena, ndipo kwa miyezi iwiri amalume ankangodalira kukoka galimoto zofera panjira. Sindinawamve akudandaula. Tsiku lina akudzoza girisi pa tcheni, ndinawauza kuti ndinkawaganizira molakwa, popeza anateteza wosauka pamaso pa wapolisi. Anandidula pakamwa.

"Usandikometse, mphwanga. Chidindo chikanakhalapo, ndikanakoka ndithu. Kungoti ndikanadikira kaye kuti atsitse mazira."