Phulusa Lozungulira Dziwe la Abwana

Ndikukumbukira Disembala wina ku Edenvale, ku Joni, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, pomwe bambo anga anayamba kukayikira munthu aliyense woyenda ndi miyendo iwiri. Tinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya azungu. Bambo ankasamala maluwa ndi dziwe losambiramo, amayi ankachapa ndi kusita. Kachipindako kanali ka ntchito, ndiye ntchito ikatha, pogona pathanso.

Chaka chimenecho kunatentha moti phula la pamsewu linkamata kunsi kwa nsapato. Mvula inakana, ndipo akuluakulu a mzinda analetsa kuthirira maluwa kapena kudzaza maiwe ndi paipi. Abwana ndi adona, ponyamuka kupita kunyanja kukapuma, anasiya dziwe litaphimbidwa ndi chilona chabuluu chatsopano. Bambo ataona dzuwa likuchiwamba chilonacho mpaka kununkha pulasitiki, anachimvera chisoni. Katundu wodula wa abwana apserere iwo alipo? Anachichotsa, nachitsuka ndi sopo, nachipinda bwinobwino n'kuchisunga m'galaja.

Kenako madzi anayamba kutsika. Bambo analemba mzere ndi khala pakhoma la dziwe, ndipo m'mawa uliwonse mzerewo unkapezeka uli pouma. Woyamba kuzengedwa mlandu ndinali ine. Anandinunkhiza tsitsi ngati likumveka mankhwala a m'dziwe, ine amene ngakhale chala sindinaviikemo. Zinandiwawa kwambiri, moti tsiku lonse sindinawayankhule. Atachoka pa ine anapita pa amayi, ati mwina akutungamo madzi ochapira. Amayi anangowaponyera diso, nkhaniyo inafera pomwepo.

Pamenepo bambo anakumbukira nzeru ya kwawo ku Phalombe yogwirira wakuba chimanga m'nkhokwe. Anatapa phulusa pamalo pomwe abwana ankawotchera nyama, nalisefa ndi sefa ya amayi, n'kuliwaza mozungulira dziwe lonse. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kutacha tinapita tonse monyang'ama. Tinapeza mapazi a galu, ndi a mbalame zaphokoso zija za milomo yaitali. Phazi la munthu panalibe, koma madzi anali atatsikanso.

"Make Tiya, wakuba wosasiya phazi mumamudziwa inu?" bambo anawafunsa amayi motsitsa mawu.

"Eish, bambo ake, musayambe zimenezo kuno ku Joni," anatero amayi.

Koma anali atayamba kale. Maso awo anagwera a Saidi, mnzawo wa ku Mangochi amene ankagwira ntchito nyumba yoyandikana nafe. Anthu awiriwa ankagawana tiyi pampanda tsiku lililonse. Tsopano bambo anakumbukira kuti a Saidi anafunsapo ngati abwana athu sakufuna munthu wina, poti mphwawo anali pa ulova. Anakumbukiranso kuti dziwe la kwa a Saidi silinkatsika. Zoti linali lophimbidwa sanaziwerengere. Tiyi wa pampanda anatha, moni anatha, ndipo ine anandiletsa kulandira ngakhale switi kuchokera kumeneko.

Abwana pobwera anapeza madzi atatsika kupitirira pakamwa pa pampu, pampuyo itakoka mpweya mpaka kupsa. Atafunsa za chilona, bambo anathamanga kukachitenga, nachipereka ndi manja awiri, chili mbee, chopanda ndi kadontho komwe. Abwana anagwira mutu. Adona sanayang'ane chilonacho n'komwe. Ankayang'ana zigubu zathu ziwiri za madzi zomwe zinali pakhomo, kenako ine, kenako amayi. Pamenepo ndinadziwa kuti nafenso atiwazira phulusa lawo. Mwezi usanathe tinali titasamukira m'chisakasa cha malata ku Makause, komwe madzi tinkachita kuimira pamzere.

Patapita zaka, aphunzitsi anatifotokozera kuti kukatentha madzi amasanduka nthunzi n'kukwera kumwamba, kaya ndi a m'beseni kaya ndi a m'nyanja yamchere, ndipo nyanja ikafunda kwambiri imabweza madziwo ndi namondwe. Ndinakhala pa desiki misozi ili m'maso, anzanga osadziwa chomwe chandigwera.

Lero ndili ndi ana anga ku Duduza, ndipo kutentha komwe tinkakuyesa kwachilendo kumabwera pafupifupi chaka chilichonse. Mipopi imauma osatsanzika. Ana anga amaphimba ndowa asanauzidwe, za nthunzi amazidziwa kuposa ine. Bambo anakalamba, amakhala nane. Namondwe atakokolola nyumba ya mchimwene wawo ku Phalombe, ndinakhala nawo pansi n'kuwafotokozera zonse mwapang'onopang'ono, za dziko lomwe likutentha, za nyanja, za dzuwa lomwe linamwa dziwe lija. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Ndamva, mwanangu," anatero. "Dzuwa ndi lomwe linamwa madzi. Koma analituma ndani?"