Chithunzi cha pakhoma ku Kabulonga

Ndinanyamuka ku Chelstone m'mawa, mutu wa nkhani uli kale m'thumba, nkhaniyo ndisanaimve. Mkonzi wa nyuzipepala yomwe ndinkagwirako ganyu anali atakhuta ma TV akunja. Anati, "Bonse bamene banathaba ku Iran bafuna ufumu ubwelele. Kuli mzimai ku Kabulonga, ukamujambule alila." Ndinkadziwa kuti ndikabwera ndi zina, ganyu yatha.

M'minibasi kondakitala anatipanikiza asanu pampando wa anayi, makwacha khumi ndi asanu osachotserako. Bambo amene ndinakhala naye ankaonera pafoni gulu la anthu a ku Iran ali ku Ulaya, akukupiza mbendera ya mkango, ya nthawi ya ufumu.

"Aba bafuna mfumu," anatero.

"Bonse?"

"Ba sisita, bamene bali pa TV ndiye bonse."

Pa City Market ndinagula chinangwa chootcha, n'kukwera ya ku Kabulonga. Kumeneko mipanda ndi yaitali, wofunsa njira amafunsa agalu. Mwamwayi mlonda wina anandilozera geti.

Mayi Parvin, amene anafika mu Lusaka ali mtsikana, anandilandira ndi Chinyanja choposa cha ana anga. Anandipatsa tiyi wopanda mkaka ndi kachibulumwa ka shuga. Ine ndinakaponya m'kapu. Iwo anaseka, n'kundionetsa kuti kwawo amakaluma ndi mano, tiyi n'kumadutsa pomwepo.

Pakhoma panali chithunzi cha mwamuna wovala suti, maluwa ali pansi pake. Mtima unati phaa, ganyu yapulumuka. Ndinakweza kamera.

"Ndiye mfumu yanu?"

"Uyo ni mlongo wanga, anali tichala," anayankha mofatsa. "Mapolisa ba mfumu banamuzula zikhadabo. Bamene banachosa mfumu banamupachika. Manje ine nilile ndani?"

Manyazi anandigwira, kamera ndinaitsitsa. Anandiuza kuti mwana wawo ku Ulaya amanyamula mbendera ya mkango, mlamu wawo amaitukwana, koma pachaka amadyera pamodzi. Atolankhani amabwera, amamwa tiyi, kenako amakalemba za mbendera zokha.

"Imwe mukalembe chabe kuti mlongo wanga enzeko," anatero pondiperekeza, misozi ili m'maso.

Madzulo, titatsekeredwa pamzere wa magalimoto mumsewu wa Great East, mkonzi anaimba.

"Analila?"

"Analila, ba bosi. Koma osati mfumu."

"Iyo si nkhani," anatero, n'kudula.

Ndinafika ku Chelstone nditazindikira kuti tikhoza kunama popanda kulemba bodza, kungosankha wojambulidwa basi. Nkhaniyo ndinailemba momwe ndinaimvera. Sinatuluke, ndipo mkonzi sanandiitanenso. Zinandiwawa, sindibisa. Koma mphunzitsi uja analipo, ankaphunzitsa masamu, ndipo dzina lake anali Farid.