Kumapazi kwa agogo ake

Ndinadzuka tambala asanalire. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kuchokera kuphiri. Pabwalo panalibe moto wa maliro, panalibe nyimbo. Chaka chatha, pa maliro a akazi anga, bwalo lomweli linadzaza mpaka m'munda wa nandolo.

Mwana wanga Esinati anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Lolemba, akuthirira kudimba, nsupa inasweka popanda kupweteka kulikonse. Anaganiza kuti ndi mkodzo, ndipo anachita manyazi kundiuza ine bambo wake. Akanakhalapo amayi ake, akanawauza tsiku lomwelo. Tinafika kuchipatala Lachitatu thupi litatentha kale. Kunabadwa kamwana kakakazi. Kanapuma masiku awiri pachifuwa pa mayi wake, kenako kanasiya.

Esinati anamugoneka m'chipatala. Mwamuna wake ali ku Joni. Ndikunyamuka ndi mwanayo, Esinati anandigwira malaya.

"Ababa, mukaone pamene akamuike. Ndidzafuna kudziwa."

Ndinavomera.

Kusanache bwino kunafika amayi asanu, patsogolo alamu anga, akulu awo a malemu akazi anga. Anakulunga mwanayo m'chitenje. Kabokosi kamene ndinakhoma dzulo lake anakayang'ana, kenako anandiuza mofatsa kuti wotere salowa m'bokosi, sakumbiridwa mozama, saliridwa mokweza, kuopa kutseka mimba ya mayi wake. Amuna sapitako, ndipo mayi sasonyezedwa malo. Sindinatsutse. Manja omwewa ndi amene anasambitsa akazi anga.

Ndinangopempha kuti ndipemphere. Anagwada nane pakhonde, ena a mpingo wathu wa Babatisti, mmodzi wa Chisilamu. Ndinayamba bwino, koma nditafika potchula dzina ndinakumbukira kuti mwanayo analibe.

Ananyamuka mondondozana, khasu limodzi. Ine ndinawatsatira chapatali mpaka pamtengo wa mango umene uli m'malire a manda, ndipo ndinaima pomwepo. Nkhungu inawabisa. Ndinkangomva khasu, ndipo silinalire nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti lonjezo langa lalephereka, ndipo ndinayamba kufunafuna mawu okamuuza Esinati osanama.

Pobwerera anandidutsa maso ali pansi. Alamu anali pambuyo. Anawerama ngati akuzula munga kuphazi, mpaka anzawo atapita patsogolo.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "mukamadzalambula manda a mng'ono wanga, kumapazi kwake muzidzazula udzu ndi manja. Khasu ayi."

Anadzuka n'kumapita.

Masana kunabwera anthu ochepa, kukhala pang'ono, kugwirana chanza, n'kubwerera kuminda. Palibe anatchula mawu akuti maliro.

Madzulo kamvula kanasiya. M'nyumba munali zii. Kabokosi kaja kanali patebulo, kakununkhira utuchi. Ndinaikamo kachipewa kamene Esinati analuka, ndi buku la nyimbo la amayi ake, n'kukakankhira kunsi kwa bedi. Ndinapopa njinga, kukonzekera ulendo wa kuchipatala m'mawa. Malo sindinawaone, ndipo ndikamuuza choncho. Koma akandifunsa kuti mwana ali kuti, ndikayankha kuti ali ndi agogo ake.