Akwatitsa amalume anga ku Bin Mahmoud

Zaka zitatu ndili pa banja, lero munthu wa pakauntala wandiuza kuti ndine mbeta. Ine! Mkazi wanga Esnart ataima pambali panga, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ili patsogolo.

Ine Yohane ndine gadi kunja kuno, iye amagwira ntchito pa hotela. Lolemba tinapita ku kiliniki kukatsegula fayilo yoti adzachilire konkuno. Anati popanda satifiketi ya ukwati yodindidwa ndi boma, mafi fayilo, ndiye kuti palibe. Kuno mimba yopanda pepala ndi mlandu. Anatilozera ka ofesi kena kothandiza za mapepala ku Bin Mahmoud, dera lina la mumzinda uno.

Lero tafika ku ofesiko seveni koloko, masiki kukamwa. Atiyeza kutentha kawiri ngati tabwera kudzagonekedwa. Cha m'ma leveni ndi pamene bambo wa pawindo anatikodola.

Ndinafotokoza mwaulemu kuti kwathu ku Ntcheu tinachita chinkhoswe, mabanja awiri anagwirizana, mudzi wonse unavina. Iye akuti umboni. Ndinatulutsa foni, vidiyo yonse ilimo.

Mukudziwa mmene zimakhalira, amayamba abweretsa atsikana ofundidwa zitenje kuti akuchimuna aloze wawo. Bamboyo anawerenga ndi chala. Akuti akazi atatu? Aliyense akufunika fayilo yake, ndipo malipiro a gadi sangakwane. Ndinati awiriwo ndi ongosokoneza, ndi masewera. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Akuti ndiye ukwati wanu ndi masewera?

Esnart anandiponda phazi kuti ndisayankhe.

Vidiyo inafika pa ankhoswe. Amalume anga a Gomani akupereka tambala, amalume ake a Esnart akupereka thadzi, kenako akukumbatirana, anthu nthungululu. Bamboyo anaimitsa vidiyo. Anaitana mnzake. Mnzakeyo anaitananso wina. Onse atatu mitu pa foni yanga.

Akuti amene akukwatirana apa ndi madala awiriwa, ndipo zoterezi boma la kuno silivomereza.

Abale inu! A Gomani, mkulu wa mpingo, ana asanu ndi atatu! Ndinati amenewo ndi mboni, ukwatiwo ndi wanga. Akuti nanga bwanji mphatso akulandira ndi iwo, iwe wangokhala pampando ngati mlendo? Pachinkhoswe mkamwini amalankhula?

Ndinawaimbira amalumewo pa vidiyo pompo. Anayankha ali kudimba, khasu paphewa. Nditawauza kuti kuno akufuna umboni, anati, “Mphwanga, nkhukuyo tinadya tsiku lomwelo. Auze abwere adzafunse aliyense.” Zoti awakwatitsa sindinawauze, ali ndi BP.

Mapeto ake akuti khalasi, nkhani yatha: tikatenge pepala kwa DC kwathu, lidindidwe ku Lilongwe, lidzadindidwenso kuno. Kwa DC akufuna tonse awiri tikaonekere ndi ankhoswe. Ine tchuthi mafi, ndipo pobwerera pali kwarantini ya ku hotela yolipira wekha. Mimba idikira zimenezo?

Paja akuti malamulo a kuno asintha, munthu ukhoza kusiya ntchito osapempha bwana. Zikomo kwambiri. Koma kuti ndikhale mwamuna wa mkazi wanga ndikapemphe zidindo zitatu? Nanga a boma lathu, mumati chinkhoswe ndi ukwati wovomerezeka, bwanji simutiuza pokwera ndege kuti ukwatiwo umathera pa eyapoti?

Inu amene muli kumudzi mukukonzekera kubwera, kadinditseni musananyamuke. Vidiyo isiyeni, ingokupalitsani mkamwa.

Mu sitima ya metro pobwerera Esnart anaseka mpaka misozi za amalume aja. Kenako kuseka kunatha, misozi yokha inapitirira. Ndinakwiya, koma tsopano ndikungomva chisoni. Esnart wasiya ntchito, akunyamuka Loweruka kukachilira kumudzi ndege isanayambe kumukana chifukwa cha mimba. Kwathu akamulandira ngati mkazi wa Yohane, palibe akamufunse pepala.

Ine nditsala pageti ndi yunifolomu yanga, mbeta ya boma. Mwana wanga woyamba ndidzamuonera pa foni yomwe ija anaikana ku ofesi.