Agogo Anaikidwa ku Jebel Ali

Chaka chimene ndege zinaleka kuuluka, ndinkagwira ntchito m'nyumba ya madamu ena ku Oud Metha, mumzinda waukulu wa kuchipululu, kutali ndi kwathu. Bambo awo a madamu anabwera kuchokera ku Ulaya kudzangocheza, korona n'kuwatsekera konkuno. Anali okalamba, miyendo yotupa, ndipo ntchito yowasamalira inagwera ine. Ndinkawatchula kuti agogo.

Masana, madamu akakhala pa kompyuta, agogo ankandifotokozera za kholo lawo lina lomwe linakhalako zaka mazanamazana zapitazo. Munthuyo sanali mfumu yaikulu ayi. Anali ndi nyumba ya miyala, chigayo choyendera madzi, minda imene anthu ake ankalima, ndi hatchi yopitira kunkhondo mfumu ikamuitana. Anakwatira kawiri. Mkazi woyamba anamwalira pobereka. Wachiwiri anamuberekera ana ambiri, koma mliri utalowa m'mudzimo unawatenga onse chilimwe chimodzi, kupatula mtsikana mmodzi.

"Ndiye anatani, agogo?" ndinafunsa.

"Anaitana wosema miyala, mwanawe. Pamanda a banja anasemapo ana onse atagwada, wamkulu kutsogolo, wamng'ono kumbuyo. Ngakhale khanda limene linafa lisanabatizidwe lilipo, lokulungidwa m'nsalu."

Anandionetsa chithunzi pafoni. Nkhope zinali zitafufutika, koma timanja tinkaoneka bwinobwino. Ndinakumbuka mwana wanga amene ndinamusiya ku Ntcheu atangoyamba kuyenda. Ndinathawira kukhitchini, n'kukatsuka makapu otsuka kale.

Mtsikana wotsala pamliri uja ndiye anabala mtundu wa agogo. Mandawo ali m'katchalitchi kakumudzi kwawo, ndipo akazi awo a agogo anagona kuseri kwake. Malo a agogo anali okonzeratu pambali pa akazi awowo. "Ndege zikangoyamba, ine ulendo," ankatero.

Chifuwa chinawayamba Lamulungu. Ambulansi itabwera, anthu ovala zoyera thupi lonse anatiuza kuti tiime patali. Agogo anandipempha magalasi awo, ine n'kuwapatsira kudzera m'manja mwa munthu wina. Sitinawaonenso.

Njira yotumizira maliro kwawo panalibe. Anawaika ku Jebel Ali, mumchenga, kufupi ndi msewu wa malole opita kudoko. Ine sindinapite. Ololedwa anali ochepa, komanso ana a madamu anafunika wotsala nawo. Madamu atabwerako anangokhala pansi pakhomo, nsapato osavula. Ndinakhala nawo pomwepo. Tonse tinali titavala masiki, ndipo sindinkadziwa ngati ndiwagwire dzanja kapena ayi.