Ulendo wa Anifa, Mwana Wosamva Mfuti

Tinanyamuka ku Lione m'mawa wa mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zala, ine ndi mwana wanga Anifa. Anali ndi zaka zinayi, koma anali asanatchulepo liwu ndi limodzi lomwe. Apongozi anga anatiperekeza mpaka pamsewu, akudandaula njira yonse.

"Msewu uno anthu akufa, mayi a Anifa. Nanga uchitsiru uli ndi mankhwala?"

"Ndikamve kwa amene akudziwa, amayi," ndinawayankha, ndikumangitsa nsalu.

Sindinadzuke chabe n'kuganiza zaulendo. Sabata yapitayo mfuti zinalira kutsidya kwa dambo, mudzi wonse n'kuthawira kuthengo. Anifa anatsala pabwalo akuumba timiphika tadothi, ndipo nditamubwerera anandilandira ndi kumwetulira. Nditapita naye kusikelo, namwino anagwedeza kachitini kamiyala kumbuyo kwa mutu wake. Mwanayo sanacheuke. Namwinoyo anati kuyesa kotereku ndi lamulo latsopano lochokera ku Lichinga, ndipo anandiuza kuti kumeneko ndikafunse Dona Selina, mphunzitsi wa ana osamva.

Masiku amenewo ankhondo munthu ankayenda pa koluna, ndiye kuti malole oyenda mondondozana, asilikali ali kutsogolo ndi kumbuyo. Inafika dzuwa litakwera. Woyendetsa lole ina anayang'ana ndalama zanga, n'kuyang'ana nkhuku imene ndinanyamulira achimwene anga.

"Mapepalawo ndikagula nawo chiyani, mayi? M'masitolo mwatsala mashelefu okha."

Nkhuku inakwera kutsogolo ngati bwana. Ife tinakwera kumbuyo, pamatumba a mchere.

Lole inkayenda ngati ikuopa kuponda pansi, ndipo inali ndi chifukwa. Masana tinaima pamlatho wina wotenthedwa. Asilikali anatsika kukafufuza mabomba okwirira panjira yotsikira mumtsinje, n'kutiuza kuti aliyense akhale chete. Nthawi yomweyo Anifa anaona mbuzi ikusuzumira m'dengu la mayi wina, ndiye anaseka, kuseka kwake kokweza kuja, poti iye mawu ake sawamva.

"Mutontholetseni mwanayo, mutiphetsa," anatero bambo wina wa jekete, akukukuta mano.

Ndinamutseka pakamwa, iye n'kuyamba kulimbana nane. Pafupi nafe panakhala mkulu wina wa kofiya, wogulitsa nsomba zouma. Anatenga kadzanja ka Anifa, n'kukaika pakhosi pake, n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi. Mwanayo anatong'ola maso. Anakhala duu, akumvera kunjenjemera kwa khosilo ndi zala, mpaka tinawoloka. Kutsidya mkuluyo anatigawira chinangwa chowotcha ndi kansomba, n'kuuza bambo wa jekete uja kuti nayenso abweretse dzanja ngati mantha sanathe. Anthu anaseka koyamba tsiku limenelo.

Tinalowa mu Lichinga madzulo, tonse titafiira ndi fumbi. Mphepo ya m'mitengo ya paini inali yozizira kuposa ya kwathu. Achimwene, amene ankakhala m'dera la Assumane mumzindamo, anatilandira ndi mbatata ndi nyemba, ndipo nkhani ya nkhuku yawo anaimva mwachisoni chachikulu.

M'mawa mwake ndinafunsa njira mpaka ndinapeza sukuluyo. Kalasi ya Dona Selina inali chipinda chakumapeto, chimene kale ankasungiramo makasu. Munali ana ochepa, manja awo akuuluka, m'chipindamo muli zii. Mayiyo anali wamfupi, wa juzi ziwiri. Anagwada kuti alingane ndi Anifa, n'kumupatsa zitsekerero za mabotolo zamitundumitundu. Anifa anazipatula, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha, kenaka n'kulanda za mnzake.

"Anadwalapo chikuku?" anandifunsa.

"Ali wakhanda. Makutu anatuluka mafinya."

Anagwedeza mutu ngati wamva nkhani imene akuidziwa kale. Anandifotokozera kuti iye ndi anamwino angapo anayenda m'misasa ya anthu othawa nkhondo, akuyang'ana ana ochedwa kulankhula, akufunsa amayi awo, n'kumabwereranso kukawaona akamakula. Anapeza kuti ambiri amene ankatchedwa zitsiru anali ndi nzeru zonse, makutu okha ndiwo anatsekeka ndi matenda. Anapezanso kuti mwana akayamba msanga kulankhula ndi manja, zilembo sizimuvuta, koma akachedwa amavutika kwambiri. Zimenezi anazitengera kwa akuluakulu a chigawo.

"Anatiuza kuti kuli nkhondo, tidikire. Ife tinati ana sadikira nkhondo kuti akule. Tinabwerera kumaofesi mpaka anatopa nafe. Kachitini kamene kanakutumizani kuno kanachokera pamenepo, ndi chipinda chino."

"Ndiye adzamva, Dona Selina?"

"Ayi, mayi, sindikunamizani. Koma adzalankhula nanu, ngati inunso muphunzira. Tinaona kuti ana amene amayi awo amakhala nawo muno ndi amene amapita patsogolo."

Ndinaganiza za nyemba zanga zosapuntha, za bambo a Anifa, za zimene apongozi adzanene. Kenaka ndinakhala pamkeka pakati pa anawo, mayi wamkulu ine, n'kuyamba kupinda zala monga ankandionetsera. Mawu oyamba anali madzi. Ana anandiseka kwambiri, poti zala zozolowera khasu sizimvera msanga. Tsiku lomwelo ndinakapeza woyendetsa lole uja kumsika, n'kumutuma kuti akanene ku Lione kuti sindibwera mwezi uno, ndipo nyemba apunthe okha.

Ndinapita ku Lichinga ndikuganiza kuti kuli mankhwala a m'botolo. Ndinakapeza anthu amene anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa ana athu, ndipo zimene anaona anakana kuzisiya m'mitu mwawo.

Tikubwerera ku Assumane tinadutsa pampopi pamene amayi anafola ndi ndowa. Anifa anandikoka nsalu, n'kukweza dzanja, n'kupanga chizindikiro chija, madzi. Ndinapempha mayi wina kapu, ndinatunga, n'kupatsa Anifa. Sanamwe. Anaigwira ndi manja awiri akundiyang'ana, kenaka anaiika pansi n'kupanganso chizindikirocho. Analibe ludzu. Ankafuna aone ngati ndimumvanso kachiwiri.